Kauboyi wa m'bukuyu ali ndi chiyani chimene ine ndilibe?

Funso lachokera kwa bambo wina amene wapempha kuti tisamutchule dzina:

"Zikomo aphunzitsi. Ndakhala pabanja zaka 14. Chaka chino mayi akunyumba agwidwa ndi matenda atsopano: akagoneka ana amatenga foni n'kuyamba kuwerenga mabuku a Chingerezi mpaka pakati pa usiku. Tsiku lina ndinasuzumira. Onse ndi a chikondi, pachikuto pali mwamuna wa chipewa chachikulu, malaya osamanga mabatani, ndipo nkhani yake imachitikira m'katauni ka kumudzi ku America. Masamba ena ndinachita manyazi kuwerenga. Ine ndinakula ndikuweta ng'ombe ku Ngabu, ndipo palibe mtsikana anatiyang'anapo kawiri. Chokoma m'mabuku amenewa n'chiyani? Ndide nkhawa?"

Bambo, za ku Ngabuzo mwanena zoona, ndipo ndiyambira pomwepo, chifukwa kauboyi weniweni anali mnzanu. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ku Texas kunali ng'ombe zosawerengeka koma zopanda msika, pomwe m'mizinda ya kumpoto ndi kum'mawa nyama inali pamtengo. Eni ng'ombe anayamba kulemba anyamata aganyu kuti aziziyendetsa pansi mpaka kukafika kumene kunali njanji, monga ku Abilene ku Kansas kuyambira mu 1867. Ulendo wa miyezi iwiri kapena itatu, kugona pansi, kudya nyemba tsiku ndi tsiku, malipiro ake pafupifupi dola imodzi patsiku. Ng'ombe sizinali zawo, malo sanali awo. Ambiri anali a ku Mexico, kumene lusolo linachokera, ndipo ambirinso anali anthu akuda amene anali atangomasulidwa kumene ku ukapolo. Ntchitoyo sinakhalitsenso. Waya waminga, umene Joseph Glidden analembetsa mu 1874, unatseka madambo, njanji inafika kufupi ndi makola, ndipo chisanu choopsa cha 1886 mpaka 1887 chinapha ng'ombe zambirimbiri. Zaka ngati 20 zokha, nkhani n'kutha. Mnyamata wa fumbi, wa ming'alu, wa fungo la ndowe uja akanati afunsire mwana wa mwini sitolo, akanamuthamangitsa ndi agalu monga momwe akanachitira ndi inu.

Kauboyi amene akusowetsa tulo mayi akunyumbayo anabadwira papepala. Mu 1902 Owen Wister, mwana wa banja lolemera la ku Philadelphia amene anaphunzira ku Harvard, anatulutsa buku lotchedwa The Virginian. Mmenemo muli kauboyi wa ku Wyoming, wosalankhulalankhula, waulemu koma woopsa ukamuputa, amene amakonda mphunzitsi wamkazi wochokera ku Vermont, ndipo pomaliza amakwatirana. Onani kuti chikondi chinalimo kuyambira pachiyambi penipeni. Kenako Hollywood inamutenga, a fodya wa Marlboro anamuika pazikwangwani m'zaka za m'ma 1950, ndipo anafika mpaka kuno. Agogo athu amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Copperbelt ankaonera mafilimu a makauboyi m'makomboni, ana n'kumaseweretsa mfuti zamitengo. Nanga Jim Reeves ndi Don Williams, amene nyimbo zawo zinakalamba nafe pawailesi? Munthu wa chipewa ameneyu si mlendo kwathu kuno. Chachilendo n'chakuti tsopano akusimbidwa ndi akazi, kusimbira akazi anzawo.

Ndipo akaziwo anamukweza pantchito. M'mabuku a masiku ano kawirikawiri sakhala waganyu. Ndi mwini famu, kapena mwana wa mwini famu, malo aakulu oti kuwazungulira pahatchi dzuwa likulowera, osiyidwa ndi agogo ake. Apo ayi ndi katswiri wokwera nkhunzi zolusa pa mpikisano wa rodeo, kumene umayenera kukhala pamsana pa ng'ombe yodumpha masekondi 8 utagwira chingwe ndi dzanja limodzi. Manja a m'busa, koma chuma cha mwini khola. Pamenepo ndiye pakusiyana iye ndi inu wa zaka zija.

Komabe chuma si chimene chikukoka. Akanafuna chuma, pali mabuku ena a chikondi odzaza ndi mabwana a ndege zawozawo ku New York. Kuti timvetse za kauboyi, tiyambe tamvetsa lonjezo limene buku lililonse la chikondi limapereka. Bungwe la olemba mabukuwa ku America, Romance Writers of America, limene linakhazikitsidwa mu 1980, linaika malamulo awiri okha: chikondi cha anthu awiriwo chikhale pakati pa nkhani, ndipo mathero akhale osangalatsa. Wina akafa kapena akasiyana patsamba lomaliza, limenelo si buku la mtunduwu, ndipo owerenga amakwiya ngati kuti awabera. Makampani akale monga Mills & Boon ya ku London, imene inayamba mu 1908, ndi Harlequin ya ku Canada, imene inayamba mu 1949 n'kudzagula Mills & Boon mu 1971, analemera ndi lonjezo limeneli. Afunseni mayi akunyumba ngati kusekondale sankabwerekana timabuku ta Mills & Boon tong'ambika chikuto, n'kumatiwerenga mobisa nthawi ya prep. Matendawa mwina si atsopano monga mukuganizira.

Amuna ambiri amandifunsa kuti ngati mathero akudziwika, kuwerengeranji? Ndimawayankha ndi chinkhoswe. Pamene akuchikazi abweretsa amayi ofundidwa zitenje kumutu kuti akuchimuna aloze wawo, alipo pabwalopo amene amakayikira kuti mkazi weniweni apezeka? Palibe. Koma tayang'anani nthungululu zake, kuseka kwake akavundukula n'kupeza agogo opanda mano. Kudziwa mathero n'kumene kumamasula munthu kuti asangalale ndi njira. Mayi amene masana onse wakhala akuda nkhawa ndi fizi, mtengo wa sopo ndi mwana wotentha thupi safunanso nkhani yomusiya mtima uli m'mwamba. Akufuna mantha okhala ndi malire.

Tsopano tifike pa mwamunayo. M'mabuku amene ndawerenga, ndipo ndawerenga ambiri kuposa amene ndingavomere pagulu, mumapezeka zochitika zonga izi. Mkazi wachokera kumzinda, wasiyidwa ndi chibwenzi kapena wachotsedwa ntchito, wabwera kudzakhala m'kanyumba kakale ka malemu azakhali ake. Thabwa la pakhonde ndi lothyoka, dzulo anapunthwapo pamaso pa mwamuna wa famu yoyandikana nayo, amene anangomuyang'ana osanena kanthu, mkaziyo n'kumuona ngati wamwano. M'mawa akutuluka ndi kapu ya khofi, akupeza thabwa latsopano, misomali ikuwala, utuchi ukadali pansi. Palibe kalata, palibe uthenga pafoni. Wina anadzuka mbandakucha n'kudzakonza. Kapenanso usiku wachisanu ng'ombe ikulephera kubereka, mwamunayo wapinda malaya, dzanja lalowa mpaka paphewa kutembenuza mwana wa ng'ombe, uku akuilankhula ng'ombeyo motsitsa mawu, mkazi atagwira tochi. Mkaziyo sakuyang'ana ng'ombe. Akuyang'ana manja amene angathe kugwetsa nkhunzi, koma akugwira mofatsa chonchi, ndipo akudzifunsa zimene inu mwaganiza kalezo.

Mayi wina wofufuza za mabuku, Janice Radway, anakacheza ndi amayi okonda mabuku a chikondi m'dera lina la pakati pa America, amene ankagula mabuku awo motsatira malangizo a mayi mmodzi wogulitsa m'sitolo ya mabuku. Zimene anapeza anazitulutsa mu 1984 m'buku lotchedwa Reading the Romance. Ziwiri mwa izo zikukhudza funso lanu. Choyamba, amayiwo ankati kutenga buku n'kukhala pansi inali njira youzira a m'nyumba kuti nthawi ino ndi yanga. Chachiwiri, mwamuna amene ankamufuna m'nkhani sanali wamphamvu chabe, koma wamphamvu amene amasamala mkazi. Anthu amene tsiku lonse amasamala ena, kuphikira, kuchapira, kutonthoza, ankafuna kwa ola limodzi kulawa kusamalidwa. Zaka zoposa 40 zapita, zikuto zasintha, koma ine sindinaonebe yankho loposa limenelo. Kauboyi amangokwanira bwino m'malo amenewo chifukwa ntchito yake yeniyeni ndi kusamala zamoyo.

Palinso china chimene ndikuganiza kuti kwathu kuno chimalasa kwambiri. Mwamuna wa ng'ombe sachoka. Ng'ombe zimafuna msipu ndi madzi m'mawa uliwonse, Khirisimasi kapena maliro. Sangadzuke n'kunena kuti ndapita ku Joni ndikabwera chaka chamawa. M'dziko limene agogo anapita ku Wenela ena osabwerako, limene lero akazi ambiri akulera ana ndi mwamuna wa pa WhatsApp, mwamuna womangiriridwa kunthaka yake ndi loto ndithu.

Koma chinsinsi chachikulu chili m'kalembedwe, ndipo bambo apa mutchere khutu. Mabuku ambiri a masiku ano amasinthanitsa wosimba: mutu uno akusimba mkazi, mutu wotsatira akusimba mwamuna. Ndiye taganizani. Mwamuna uja amene pamaso pa mkazi amangoti "eya" ndi "ayi", wowerenga amalowa m'mutu mwake n'kumva zonse: kuti sanagone, kuti anaona kuti mkaziyo wasintha tsitsi, kuti akuopa kumutaya, kuti imfa ya bambo ake imamupwetekabe. Mkazi aliyense amene anakhalapo ndi mwamuna wachete, wofika kunyumba n'kungoyatsa mpira, anadzifunsapo kuti kodi mkati mwa munthuyu muli chiyani, kodi ine ndilimo? Bukuli limamutsegulira chifuwa cha mwamuna wotero n'kumuonetsa kuti mwadzaza iyeyo. Chipewa ndi jinzi ndi zokutira chabe. Katundu weniweni amene akugulitsidwa ndi ameneyu.

Za katauni sinditalikitsa. Wyoming, kumene nkhani zambiri zoterezi zimaikidwa pamodzi ndi Montana ndi Texas, ndi yaikulu kuwirikiza kawiri dziko la Malawi, koma anthu ake sakwana 600,000. Matauni a m'mabukuwa kawirikawiri ndi opeka: msewu umodzi, bala imodzi, malo amodzi odyera kumene mayi wogulitsa amadziwa za aliyense. Kwa mtsikana wa ku Chicago amene amafuna chibwenzi pafoni, munthu n'kungosowa osatsanzika, malo amene mwamuna sangathawe chifukwa mudzakumana naye positi ofesi mawa ndi paradaiso. Miseche imene ife imatitopetsa, m'bukumo imagwira ntchito ya ankhoswe: tauni yonse imaona kuti awiriwa akufunana iwo eni asanavomere. Ndipo pafamupo pamakhala abale anayi kapena asanu, aliyense n'kudzakhala ndi buku lake. N'chifukwa chake mayi akunyumba sakumaliza. Akatha wamkulu, mng'ono wake wovuta uja akudikira. Diana Palmer anayamba mndandanda wake wa amuna a m'tauni yopeka ya Jacobsville ku Texas mu 1988, ndipo unapitirira kwa zaka makumi angapo. Mkazi m'nkhani zimenezi salandira mwamuna yekha. Amalandira apongozi omukonda, alamu omuteteza, mpando wake patebulo Lamulungu. Amene anakhalapo pachitengwa akudziwa kuti limenelinso ndi loto.

Tifike pa masamba amene anakuchititsani manyazi. Kale mabuku a chikondi ankathera pakhomo la kuchipinda, chitseko n'kutsekeka. Chinatseguka mu 1972 pamene kampani ya Avon inatulutsa buku la Kathleen Woodiwiss lotchedwa The Flame and the Flower, limene linagulidwa modabwitsa. Mabuku a nthawi imeneyo anali ndi chilema chachikulu: kawirikawiri mwamuna ankayamba ndi kukakamiza mkazi, ngati kuti mkazi wabwino sangafune yekha. Zimenezo zinatsutsidwa kwambiri, ndipo ambiri a masiku ano anatembenuka. Mwamuna amafunsa, amadikira, amaonetsetsa kuti mkazi wakhutira iye asanadziganizire. Kenako kunabwera Kindle, kachipangizo kowerengera mabuku, mu 2007, komanso mafoni, moti munthu angathe kuwerenga chilichonse m'minibasi woyandikana naye osaona chikuto. Pa TikTok owerenga amayeza kutentha kwa buku ndi tizithunzi ta tsabola, kamodzi kwa lofatsa, tisanu kwa la kambuzi weniweni. Sewero la pa TV la Yellowstone, limene linayamba mu 2018 ndipo limakamba za banja la famu ya ng'ombe ku Montana, linabwezeretsa chipewa m'fasho, ndipo olemba atsopano monga Elsie Silver wa ku Canada anapeza owerenga ochuluka kudzera pa TikTok pomwepo.

Kodi ndi zolaula? Mawu ake ena ndi osabisa, zimenezo sindingakane. Koma kusiyana kwake ndi mafilimu amene anyamata amatumizirana n'kwakukulu. M'filimu zija mulibe munthu, muli matupi. M'bukumu wowerenga amadikira masamba 150 kapena 200 awiriwa akungoyang'anana, kukangana, kugundana mapewa m'khola, ndipo zikadzachitika zimakhala ndi tanthauzo chifukwa akuwadziwa onse awiri. Kutentha kwenikweni kuli m'kudikirako. Chinanso, nkhani imaonedwa ndi maso a mkazi. Taganizirani malangizo amene mtsikana amalandira kwathu kuno, kuchinamwali ngakhale ku bridal shower: momwe ungasangalatsire bambo, momwe ungawasamalire, usawakanize. Ndi kangati pamene wina amamufunsa kuti nanga iwe umafuna chiyani? Mabukuwa amayamba ndi funso limenelo. Ine ndikuona kuti mkazi wapabanja amene akukumbuka kuti nayenso ali ndi chilakolako si tsoka kwa mwamuna wake.

Sindikufuna muganize kuti ndikuwayeretsa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ambiri ndi olembedwa mothamanga, mawu omwewomwewo, nsagwada zomwezo, maso omwewo. Ena amaonetsa nsanje ngati chikondi: mwamuna womenya aliyense amene wayang'ana mkazi wake, wolamula kumene mkazi apite, zimene papepala zimakoma koma m'nyumba yeniyeni zimathera kupolisi. Kawirikawiri ndi mkazi amene amasiya ntchito yake ya kumzinda, mwamuna osataya kanthu. Matauni enieni a kumidzi ya ku America akutha achinyamata, zipatala zina zikutsekedwa, mankhwala osokoneza bongo avuta, koma m'bukumo mumangomveka fungo la makeke. Ndipo chimene chimandivuta kwambiri ine ndi malo aja "a agogo". Agogowo anawapeza bwanji? Madambo amenewo anali a mitundu ya eni nthaka a ku America monga Lakota, Cheyenne, Crow ndi Comanche, amene analandidwa malo awo, ambiri atathamangitsidwa ndi asilikali, boma n'kumagawa malo kwa obwera, monga kudzera m'lamulo la Homestead Act la 1862 limene linkapatsa munthu maekala 160. Ife amene tikudziwa mbiri ya maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje sitingawerenge za famu ya mibadwo isanu osamva kanthu. Makauboyi akuda aja nawonso anafufutidwa pachikuto kwa zaka zambiri, ngakhale olemba monga Beverly Jenkins akhala akulemba nkhani za chikondi za anthu akuda a kumadzulo kwa America m'nthawi imeneyo. Ngati mayi akunyumba sanamuwerengepo, auzeni. Mudzakhala mwawabweretsera mphatso.

Ndiye mude nkhawa? Pa zimene mwandiuzazi, ayi. Munthu wowerenga nkhani za apolisi ndi zigawenga sitimuganizira kuti akufuna kupha munthu. Akazi owerenga mabukuwa amadziwa bwino lomwe kuti kauboyi wa pachikutoyo kulibe, ndipo ambiri atapatsidwa weniweni, wodzuka 4 koloko, wonunkha dibi, wodandaula za mtengo wa chakudya cha ng'ombe, angamubweze sabata isanathe. Nkhawa ingakhalepo ngati kuwerengako kwalowa m'malo mwa kulankhulana kwanu konse, kapena ngati ndalama ya ndiwo ikuthera m'mapulogalamu aja ogulitsa nkhani mutu umodziumodzi, amene amadya ndalama mosaonekera kuposa kugula buku lathunthu. Foniyo ngati ana amaseweretsanso, ikhale ndi pasiwedi, chifukwa mabuku a tsabola asanu si a mwana wa Fomu 1. Ndipo ngati nkhani ya chikhulupiriro ikuvuta m'nyumba mwanu, dziwani kuti alipo a makauboyi omwewo koma chitseko chotseka. Harlequin ili ndi gulu la mabuku otchedwa Love Inspired olembera Akhristu. Koma zimenezo mukambirane ngati akuluakulu awiri. Mukalanda foni, mudzangophunzitsa munthu kubisa.

Chimene ndikanachita ine ndikanakhala inu ndi ichi. Usiku wina, m'malo motembenukira kukhoma, afunseni kuti mwa onsewa labwino kwambiri ndi liti, ndipo chifukwa chiyani. Musaseke yankho lake. Mvetserani kuti akutchula chiyani, chifukwa ndikukayika ngati adzayambire pa minofu. Adzatchula thabwa la pakhonde lija, kapena pamene mwamuna ananena zimene zinali mumtima mwake. Kenako liwerengeni, ngakhale mitu isanu yokha. Inu muli ndi mwayi umene amuna ambiri alibe: mukudziwa ng'ombe kuposa wolembayo. Mudzaona pamene wanama. Mudzawauza mayi akunyumba kuti ng'ombe yongobereka kumene siilola mlendo kuyandikira chonchi, kuti khola la nthawi ya dzinja silinunkhira udzu wouma, kuti munthu amene wakhala ndi ng'ombe tsiku lonse sangakumbatiridwe asanasambe. Ndipo mwina kwa nthawi yoyamba pa zaka 14 mudzawasimbira za mnyamata uja wa ku Ngabu, dzuwa la Okutobala likuwotcha kumapazi, mayina amene munazipatsa ng'ombe zanu, ndi tsiku limene imodzi inasowa inu n'kuopa kubwerera kunyumba. Mukamawerenga muwerengenso nkhupakupa zimene zatchulidwa m'buku lonselo. Ine ndinayesapo, sindinapeze ngakhale imodzi.